Makilo Atatu ndi Theka

Amalume anali ndi sikelo yopachika, yozungulira ngati wotchi ya pakhoma, yokhala ndi ngowe pansi pake. Galasi lake linali ndi mng'alu, ndipo muvi wake unkanjenjemera kaye usanaime pa nambala. Ankaimangirira ku nthambi ya mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba yathu, chakumtunda kwa Bembeke, n'kumayezerapo matumba a kachewere asanapite nawo kumsewu. Ngoweyo inkanunkha dzimbiri ndi dothi lonyowa. Fungo limenelo ndimalidziwa bwino, chifukwa m'nyengo yozizira ya chaka chimene ndinali mu Sitandade 7 ndinkaigwira ndi manja awiri m'mawa uliwonse, n'kupinda miyendo, n'kulendewera ngati thumba, mkulu wanga akundiwerengera nambala.

Chaka chimenecho kusukulu kwathu kunabwera aphunzitsi atsopano, achinyamata, ongochoka kumene ku koleji. Anali aafupi, a khosi lalikulu, ndipo khutu lawo lakumanzere linali lofufuma ngati bowa. Kwa sabata yathunthu sindinamve kalikonse ka masamu, maso anga anali pa khutulo basi. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwafunsa. M'malo mokalipa anaseka, n'kunena kuti khutulo analipeza ku masewera ogwetsana. Ife zogwetsana tinkazidziwa za m'kanema wa pa tireding'i, za azibambo ovala makabudula owala odumpha kuchokera pa zingwe. Iwo anati zimenezo ndi zisudzo chabe, zenizeni ationetsa Lachitatu tikaweruka.

Tinadzaza matumba akale a feteleza ndi utuchi wa paini umene galimoto ya matabwa yochokera ku Phiri la Dedza inatitsitsira pamsewu, tinawasoka pakamwa n'kuwayala kuseri kwa kalasi. Malamulo anali ochepa. Nkhonya ayi, kumenya mateche ayi, kukoka tsitsi ayi. Ungomugwira mnzako, umugwetse, mapewa ake onse awiri akhudze pansi. Anyamata anabwera ambiri. Atsikana tinayamba asanu ndi atatu, koma mwezi usanathe tinatsala anayi: ine, mkulu wanga amene ndinkapondana naye, ndi tiatsikana tiwiri ta mu Sitandade 5.

Amayi atamva anati, "Ana aakazi kumagwetsana ngati atonde?" Koma amalume anawauza kuti ana amene amasenza kachewere kuchokera kudimba mpaka kumtunda kuno sangathyoke ndi utuchi. Mapeto ake amayi anadula buluku lakale la amalume n'kutisokera makabudula ovala mkati mwa siketi.

Ine ndinali mwana wofuna kudziwa za mkati mwa chinthu chilichonse. Ndinatsegulapo wailesi ya amalume kuti ndione anthu olankhulawo, ndipo akapha nkhuku ndinkapempha kuti nthutumba nding'ambe ndine kuti ndione timiyala take. Zogwetsana zinandikoka pa chifukwa chomwecho. Ndinapeza kuti munthu wamkulu kukuposa amagwa mosavuta ukangodziwa mwendo umene watsamira. Unkaumva m'manja mwako, kulemera kwake kukuchoka kumanzere kupita kumanja, ndipo pakatikati pamenepo pankakhala kamphindi koti alibe poimira. Ukamukankha nthawi imeneyo, ankagwa yekha. Utuchi unkatuluka m'misoko ya matumba n'kutilowa m'tsitsi ndi m'makutu, ndipo tinkapita kwathu tikununkha ngati matabwa atsopano.

Chakumayambiriro kwa Julaye aphunzitsi anatiuza kuti kuli mpikisano wa ana a sukulu ku Lilongwe, kumapeto kwa mwezi. Ine ndinali ndisanapitirirepo pa boma la Dedza. Anafotokoza kuti kumeneko anthu amagwetsana potengera kulemera kwawo, ndipo sukulu iliyonse imaloledwa mwana mmodzi pa gulu lililonse. Anabwereka sikelo ya amalume n'kuipachika pa mtanda wa golo. Mkulu wanga anapezeka ndi makilo 42 osakwana pang'ono, ine 41 ndi theka. Tonse tinali gulu limodzi, la opitirira 38 kulekeza 42. Tiatsikana tiwiri tija tinali topepuka kwambiri, gulu lawolawo. Ndiye anatiuza kuti ine ndi mkulu wanga tigwetsane katatu, wopambana ndiye apite. Mkulu wanga anandigwetsa koyamba, ndinamugwetsa kachiwiri, kachitatu anandipinda ngati mphasa.

Akusanjikiza matumba aja, osandiyang'ana n'komwe, aphunzitsi anati, "Zachisoni bwanji. Gulu la 38 tilibe munthu. Ukanakhala wopepukirapo makilo atatu ndi theka, bwenzi mutapita nonse."

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndimadziwa mmene munthu wamkulu amaponyera mawu pofuna kutonthoza mwana, kenaka n'kuwaiwala asanafike pakhomo. Sindikhulupirira kuti ankandituma. Koma ine ndinawatola mawuwo ngati homuweki. Kunatsala masabata atatu osakwana.

Ndinayamba ndi chakudya. Inali nthawi yoti nkhokwe ndi yodzaza, pakhomo pali nsawawa, nyemba zatsopano, mbatata, kachewere wosagulika chifukwa chochepa misinkhu amene tinkaphika ndi tomato ndi anyezi. Tinkadyera panja, pamkeka, ndipo ndinaphunzira kutenga pang'ono, kutafuna nthawi yaitali, dzanja lina likuponya zotsala kumbuyo kumene galu wathu ankagona. Phala la kusukulu ndinkapatsa mnzanga wokhala naye desiki. Patangotha masiku asanu galuyo anayamba kusalala, ndipo amalume anadabwa. "Galu ameneyu akuba kuti?" Mkulu wanga anatsamwa ndi mbatata poletsa kuseka.

Sabata yoyamba muvi unatsika mpaka pa 40. Kenaka unakana. Lolemba 40, Lachiwiri 40, Lachitatu chimodzimodzi, chikhalirecho mimba ikulira ngati chule. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti madzulo ndinkalemera kuposa m'mawa ndi theka la kilo, ngakhale tsikulo ndisanadye kanthu kenikeni. Theka limenelo linkachokera kuti, nanga pofika m'mawa linkapita kuti? Ndinayamba kudziyeza ndisanapite kuchimbudzi ndi pobwerako. Ndinadziyeza ndisanamwe madzi, n'kumwa makapu awiri, n'kulendeweranso. Muvi unakwera. Ndinapachika chigubu cha malita asanu chodzaza madzi, muvi unaima pa 5. Tsiku lomwelo ndinafunsa amalume chifukwa chimene ogula amakanira chimanga chosauma.

"Madzi amalemera, mwanawe," anatero. "Thumba lomwelo ukaliyanika masiku atatu, limapepuka."

Ndinasangalala ngati ndatola chinthu chimene aliyense wakhala akuchidutsa panjira. Vuto silinali chakudya ayi. Ndinkafunika kudziyanika.

Mawa lake ndinafunsa aphunzitsi mochenjera, ngati wongofuna nthano, kuti ku koleji ankatani munthu akapitirira kulemera kwa gulu lake. Iwo ankakonda kusimba za kumeneko. Anatiuza za anzawo amene ankathamanga atavala mapulasitiki, ankalavulira malovu m'botolo tsiku lonse, ankakhala tsiku lathunthu osamwa madzi. Anamaliza ndi mawu akuti, "Koma zimenezo n'zopusa, wina anatsala pang'ono kufa nazo." Ndiyenera kuwachitira chilungamo, mawu amenewo anawanenadi. Kungoti ine ndinali nditamva kale zimene ndinkafuna.

M'kati mwa thumba la feteleza mumakhala pulasitiki yoyera yolimba. Ndinatsuka imodzi, n'kuboola pa mutu ndi pa manja. M'mawa amayi akandituma kukathirira kabichi kudimba, ndinkaivala mkati mwa diresi ndi juzi, n'kuthamanga kukwera phiri ndi kutsika, kawiri kapena katatu, m'nkhungu yoti sungaone mbuzi ili pafupi. Pulasitikiyo inkalira tswatswatswa ngati ndikuyenda m'mapesi. Ndikaivula, thukuta linkatsika m'kona mwake ngati madzi a padenga. Ndinalilawa kamodzi, linali la mchere kuposa ndiwo. Kenaka ndinkatunga madzi ndi kheni n'kumathirira kabichi, ndikuyang'ana dothi likumwa, ine kukhosi kuli gwa. Ndinadziikira lamulo: madzi odzaza chitsekerero cha chigubu, katatu pa tsiku. M'thumba la yunifomu ndinkayenda ndi kachidutswa ka ndimu koyamwa kuti malovu abwere, ndi kabotolo kolavuliramo.

Muvi unayambanso kuyenda. 39 ndi theka. 39.

Kunena zoona sindinkachita mantha. Thupi langa linasanduka wailesi ina yoti nditsegule, ndipo tsiku lililonse linkandionetsa chatsopano. Mkodzo unasintha mtundu, poyamba ngati mafuta ophikira, kenaka ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo unkabwera kamodzi kokha pa tsiku, timadontho towotcha. Ndikatsina khungu la kuseri kwa dzanja, linkakhala chiimire ngati kachulu, ndipo ndinkawerenga kuti litenga nthawi yaitali bwanji kuti libwerere. Ndikadzuka mofulumira kunkagwa mdima wokhala ndi tinyenyezi, ndikawerenga mpaka faifi kunkayeranso. Mtima ndinkaumva m'khutu, ukuthamanga ngakhale ndili chikhalire. Kwathu kumazizira, aliyense amadziwa, koma kuzizira kwa chaka chimenecho kunali kwanga ndekha, kochokera m'mafupa, koti ngakhale padzuwa la masana mano ankagundana. Milomo inang'ambika. M'bandakucha minofu ya katumba inkakokana n'kuuma ngati mwala, ndipo ndinkaluma bulangete kuti amayi asamve.

M'kalasi manambala ankasambira pa bolodi. Ine amene ndinkakhala nambala 3 ndinalephera samu yogawa imene ndinkaidziwa kuyambira Sitandade 5. Ndinamenya mbama mkulu wanga chifukwa cha pensulo. Pa matumba a utuchi paja, kamtsikana kena ka tiwiri tija kanandigwetsa kawiri motsatizana, kenaka kanapepesa. Kamphindi kaja komva kulemera kwa mnzako kakusuntha sindinkakamvanso, manja anga anali ngati a munthu wina. Mwana woganiza bwino akanaona pamenepo kuti akupepuka kuti akagwetsedwe ku Lilongwe. Ine ndinangoti zidzakonzeka ndikadzamwa madzi tikatha kuyezedwa.

Amayi ankandiyang'ana. Bambo athu anali atamwalira ine ndili ndi zaka zinayi, ndipo za imfa yawo pakhomo pankanenedwa mawu amodzi okha, akuti anadwala nthawi yaitali. Tsopano amayi anayamba kundifunsa mafunso amene sindinkaona mutu wake. Ukutsokomola? Ukutsegula m'mimba? Ukagona ukumatuluka thukuta? Ankandiitana pakhomo la khitchini n'kumandisisita pansi pa chibwano ndi m'khosi ngati akufufuza nthanga, kenaka ankati nditulutse lilime, n'kuyang'ana m'kamwa nthawi yaitali. Ine ndinkangoti ndili bwino, ndipo mumtima ndinkanyadira kuti sakundigwira.

Tsiku lina tili pa mjigo ine, mkulu wanga ndi amayi anga, amayi ena amene ankacheza mokweza anangoti zii titafika. Mmodzi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuuza mnzake chapansipansi kuti, "Mwanayu watengera bambo ake." Ndinakondwa, chifukwa pa chithunzi chimene chinali m'nyumba bambo anali okongola. Amayi anga anapitiriza kupopa mjigo ndowa itadzaza kale, madzi akusefukira pamapazi awo, mpaka mkulu wanga anawagwira mkono.

Lachitatu la sabata imeneyo amayi anapha nkhuku. Panalibe mlendo, sinali Khirisimasi, ndipo inali thadzi loikira mazira. Anandipatulira chiwindi ndi nthutumba, zimene nthawi zonse zinkapita kwa amalume, n'kundiikira m'kambale kangakanga. Anati, "Idya, mwana wanga, ngakhale kakang'ono." Ndinati ndikadyera padzuwa kuseri. Galu anameza zonse kamodzi. Ndinabweza mbale yopanda kanthu, ndipo nkhope ya amayi inawala. Pa zonse zimene ndinachita nyengo imeneyo, chimenechi ndi chimene chimandiwawabe ndikachikumbukira.

Mkulu wanga anafika potopa nazo. Tsiku lina m'mawa, atawerenga nambala, sanandiuze msanga. Anati, "Iwe, basi zakwana. Pita ndiwe ku Lilongweko. Ine ndikauza aphunzitsi kuti dzanja likundipweteka."

"Sindikufuna malo ako. Nena nambala."

"Ndikauza amayi."

"Ukanena, sindidzakulankhulanso mpaka kufa."

Anali ndi zaka khumi ndi zinayi zokha, ndipo anandikhulupirira. Anati 38 ndi theka, n'kutembenuka kupita kukasesa. Ndikaganiza lero, ndimaona kuti pofika pamenepo nkhani sinalinso ya Lilongwe. Ndinkangofuna kuona ngati muvi ungafikedi pa 38.

Lamulungu ku Misa ndinalephera kuimba, mawu ankakanirira pakhosi. Nditalandira Ukaristia, unamatirira kumwamba kwa kamwa n'kukhala pomwepo, wouma ngati pepala, chifukwa ndinalibe malovu ousungunulira. Tinaphunzitsidwa kuti sitiukhudza ndi chala. Ndinagwada mpaka nyimbo yotulukira ndikulimbana nawo ndi lilime, ndikudzifunsa ngati limeneli ndi tchimo, ndiponso, Mulungu andikhululukire, ngati kachidutswa kotero kali ndi kulemera koti sikelo ingakuone.

Aphunzitsi anati adzatiyeza komaliza Lachinayi masana, ulendo Lachisanu m'mawa. Ndinali nditawauza kuti ndakhala ndikuthamanga ndipo mwina ndapepukako, iwo anangoti tidzaona. Kuyambira Lachiwiri madzulo sindinamwe ngakhale chitsekerero chimodzi. Lachinayi pa buleki ndinavala pulasitiki ija m'chimbudzi cha sukulu n'kuzungulira bwalo la mpira kasanu ndi kamodzi. Thukuta silinatuluke. Zimenezi zinandidabwitsa, khungu linali lotentha ndi louma ngati chikopa cha ng'oma. Belu linalira ndisanaivule.

Masana sikelo inapachikidwa pa mtanda wa golo. Itafika nthawi yanga ndinagwira ngowe n'kupinda miyendo. Muvi unanjenjemera, ndipo ndinamva aphunzitsi akuti, "38 ndendende." Mawu awo sanali achimwemwe. Ndikuganiza kuti aka kanali koyamba m'masabata atatu kuti andiyang'anitsitse. Anati, "Tsika."

Zala zinakana kutseguka. Zinapindika pa ngowe ngati mapazi a nkhuku yophedwa, ndipo ululu unakwera m'mikono mpaka m'mapewa. Miyendo nayo inakokana chipindire. Ndinamva anzanga akuseka, kenaka anasiya. Aphunzitsi anandinyamula m'chiuno n'kumatsegula zala zanga chimodzichimodzi, ndipo pulasitiki inalira pansi pa yunifomu. Mdima wa tinyenyezi uja unabwera. Ndinawerenga mpaka faifi, koma sikunayere.

Zotsatira ndinachita kuuzidwa. Aphunzitsi anandibereka kumsana n'kuthamanga nane mpaka kuchipatala cha mishoni, mkulu wanga anathamangira kudimba kukaitana amayi. Anamwino anandibaya katatu asanapeze mtsempha, chifukwa mitsempha inali itaphwa.

Nditatsegula maso, chinthu choyamba chimene ndinaona chinali thumba la madzi litapachikidwa pa chitsulo, paipi yake ikulowa m'dzanja langa. Pa thumbapo panalembedwa 1000. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti ndi lita imodzi, ndipo lita imodzi ndi kilo. Ndinakuwa, "Chotsani! Mukundilemeretsa!" Ndinalira, koma misozi sinatuluke, ndipo ngakhale pakati pa kulirako mbali ina ya mutu wanga inaona zimenezo n'kudabwa.

Adokotala anali mayi wa imvi, olankhula pang'onopang'ono. Anandifunsa kuti ndinataya madzi liti komaliza. Nditati dzulo m'mawa, anayang'ana anamwino. Apa mpamene mkulu wanga anaulula zonse, za galu, za pulasitiki, za ndimu, za chitsekerero cha chigubu, akulira mamina ali chuchuchu. Adokotala anakhala pamphepete pa bedi n'kundifotokozera ngati munthu wamkulu, ndipo mwina n'chifukwa chake ndinamvetsera. Anati impso zili ngati sefa ya tiyi, zimafuna madzi kuti zisefe, ndipo ine ndakhala ndikuzithira phala. Anati mchere umene ndinaulawa m'thukuta uja ndi umene umayendetsa minofu. Kenaka anagwira katumba wanga.

"Mtimanso ndi mnofu ngati uwu," anatero. "Mwendo ukakokana umakuwa, anthu n'kubwera. Mtima ukakokana sukuwa."

Amayi anamva zonsezi ataima kumiyendo kwa bedi, dothi la kudimba lili m'mapazi, koma sanaoneke okhutira. Anatsatira adokotala mpaka pakhomo, ndipo ndinawamva akuti, "Mwanayu wakhala akuwonda ine ndikuona. Musandibisire. Muyezeni magazi." Adokotala anawafunsa kanthu kena chapansipansi, amayi anagwedeza mutu kuvomera. Anauzidwa kuti woyeza abwera m'mawa.

Lachisanu m'mawa ndinamva galimoto ikuliza hutala kumsewu, ana akuimba. Mkulu wanga anali momwemo, amayi anachita kumukakamiza kuti apite. Ine ndinali pa thumba lachitatu. Chakumasana pang'ono ndinataya madzi m'kabeseni, ambiri ndithu, ndipo anamwino anawomba m'manja ngati ndakhoza mayeso. Kunabwera bambo wina amene anandibaya kachala n'kutenga kadontho ka magazi, kenaka anaitanira amayi m'kachipinda ka chitseko chobiriwira. Anakhalamo mphindi zowerengeka. Atatuluka anakhala pansi pa simenti m'khonde, miyendo chitambasulire, n'kudziphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Ndinaganiza kuti ndikufa. Koma atadzuka anabwera kudzagwira phazi langa, n'kulifinya, ndipo anandifunsa funso limodzi lokha.

"Ndiye kuti unkachita dala?"

Ndinavomera, ndikudikira mbama. Mbamayo sinabwere.

Zotsala za nyengoyo zinatha mwakachetechete. Mkulu wanga anapambana kamodzi, anagonja kamodzi, ndipo anabwera akusimba za nyumba zosanjikizana ndi magetsi a pamsewu osintha mitundu. Aphunzitsi anabwera kwathu Lolemba kudzabweza sikelo, chipewa chili m'manja, ndipo anakhala pansi m'malo mwa pampando umene anapatsidwa. Amayi anawasiya apepese mpaka atamaliza, kenaka anati, "Aphunzitsi, kuyeza ana ngati kachewere si mlandu. Koma kachewere alibe makutu. Ana ali nawo." Masewerawo sanathe, koma kuyambira pamenepo aliyense ankagwetsana pa kulemera kumene wapezeka nako, ndipo pambali pa matumba pankakhala ndowa ya madzi ndi kapu. Ine mutu unandipweteka kwa masabata awiri, ndipo kukwera kuchokera kudimba ndinkapumira kawiri panjira. Ndinkadya ngati dzombe, moti sukulu isanatsekere ndinali nditapitirira 43. Adokotala atandiyezanso anati impso zabwerera, koma ndisadzaziyesenso. Mpaka lero sindichoka pakhomo popanda botolo la madzi, ndipo ludzu likandigwira pang'ono mtima umayamba kuthamanga ndi mantha.

Koma tsiku limene limandibwerera kawirikawiri ndi Loweruka lija, lotuluka m'chipatala. Tinayenda wapansi, pang'onopang'ono chifukwa cha miyendo yanga. Amayi anandigulira mandasi awiri ndi nzimbe pamsewu, zinthu zimene sankagula chisawawa. Ankapereka moni mokweza kwa aliyense, ngakhale anthu a panjinga amene sankawadziwa. Kenaka anayamba kuimba nyimbo ya kwaya, ija yothokoza ya pa Pasaka, kumapeto kwa Julaye. Pofika pamphambano anasiya njira yachidule n'kutenga yodzera pa mjigo, ngakhale tinalibe ndowa. Amayi aja anali pomwepo. Amayi anga anandikankhira kutsogolo ngati akuonetsa mbuzi pamsika.

"Mwamuona wopusayu? Anangosiya kumwa madzi! Dala! Ati akufuna akagwetsane ku Lilongwe! Adokotala amuyeza zonse, zonse, alibe kanthu!" Ndipo anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Panapita zaka zambiri, ine ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba, pamene amayi anandikhazika pansi n'kundiuza dzina la matenda amene anatenga bambo. Anandiuza kuti ulendo wa ku boma umene ankayenda mwezi ndi mwezi, umene ankati ndi wa kwaya, unali wokatenga mankhwala a iwo eni, a matenda omwewo. Mkulu wanga sankamudera nkhawa kwambiri, koma ine ndinabadwa bambo atayamba kale kudwaladwala, ndipo ndinayamwa zaka ziwiri. Chiyambire maliro a bambo ankandiyang'ana ndikatsokomola, ndikatuluka kachilonda, osalimba mtima kukandiyezetsa. Ndiye chaka chimenecho anaona masaya anga akulowa, maso akugwera mkati, milomo ikung'ambika, mwa dongosolo lomwe lija analionapo kale.

Pa mjigo paja zonsezi sindinkazidziwa. Ndinaima chiweramire, nzimbe ili m'manja, manyazi akundiwotcha makutu. Titanyamuka ndinatsalira m'mbuyo dala, ndikukoka mapazi m'fumbi, kuti aone kuti ndakwiya. Ndinkaganiza za masabata atatu a njala ndi ludzu amene anathera m'matumba anayi a madzi, ndi za mkulu wanga amene nthawi imeneyo anali ku Lilongwe popanda ine. Amayi anali patsogolo, akuimbabe, mpango utapendekeka. Ndinkayang'ana msana wawo ndikudzifunsa kuti kodi ndi mayi wamtundu wanji amene amaimba pa tsiku limene mwana wake wataya zonse.